Mafirizi pa Geti la Kumadzulo

Masabata asanu ndi awiri geti lili chitsekere.
Udzu wa m'bwalo unafika m'mawondo,
mbuzi za ku Chankhanga zinapeza mpata pampanda
n'kumadya pomwe Zondiwe amaima akakhala pagolo.

Anyamata anati sitimenya,
malipiro a miyezi inayi ali kuti?
Mabwana anati thumba labooka, tadikirani.
Anakumana kuhotela, anamwa tiyi wamkaka,
anatuluka atakwinya nkhope.
Lachiwiri anakumananso.
Ine palibe anandiitana.
Ndine yani? Mayi wa bokosi labuluu,
wa mafirizi ofiira ndi achikasu
pageti la kumadzulo.

Loweruka loyambalo ndinabwera ndithu,
batire la wailesi linali litatha.
Ndinakhala pamwala wanga, ine ndi khwangwala,
mpaka mthunzi wa phiri la Kasungu unandipeza.
M'bokosi munatsala madzi ofunda,
shuga wangongole wa kwa Nabiyeni
akuyandama m'timapepala.

Usiku wina Lozani anandionetsa pafoni:
amayi taonani, kutali uko
anthu amasewera pamadzi oundana,
nsapato zamipeni, ndodo zokhota kunsonga.
Nawonso anakangana ndi eni matimu,
miyezi yathunthu bwalo lili zii,
koma lero agwirizana.
Ndinaseka mpaka kutsokomola.
Bwalo lonselo ayezi, osasungunuka?
Akanandibwereka kangodya kamodzi!
Kenaka ndinafunsa: nanga pageti pawo amagulitsa ndani?
Foni sinadziwe.

Dzulo kuno asaina.
Theka lero, theka fodya akagulitsidwa.
Bambo Msulira akuti komiti yapambana,
kaputeni akuti osewera apambana,
pachithunzi agwirana chanza
aliyense akuyang'ana kwake.

M'mawa uno zikwanje zikulira m'bwalo.
Mnyamata wa laimu wawerama ndi chitini chake
kufunafuna mizere yomwe inamira mu udzu.
Mbuzi azipirikitsa,
imodzi yaima pamsewu ngati ili ndi mlandu woti ikasume.

Zondiwe wadutsa, jombo m'jumbo.
Waonda mwana uja.
Masabata onsewa amasenza matumba a soya kumsika,
manja ogwira mpira achita zikang'a.
Wati, mayi, lofiira limodzi,
ndikulipirani theka linalo likabwera.
Ndamupatsa.
Ndalemba dzina lake m'kope,
m'munsi mwa dzina langa la kwa Nabiyeni.

Masabata anga asanu ndi awiri
sali papepala lomwe asainalo.
Palibe ndime ya shuga,
palibe ndime ya fizi ya Lozani.

Komabe wezulo ikalira ndidzuka,
ndikuwa nawo mpaka mawu kusasa,
phazi limodzi pabokosi
kuti chivundikiro chisatseguke.
Dzuwa la kuno silidikira zokambirana.