Diso la Makina ku Dilla

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
ndakhala pa benchi lomweli ku Dilla,
msana wopindika ngati chikwakwa,
zala zikupalasa njere za khofi.
Yakuda, kunja. Yobooledwa ndi kachilombo, kunja.
Yosweka, yofwifwa, yonunkha chuku,
sindinkayang'ana n'komwe,
chala chinkadziwa chokha.

Tinalipo makumi anayi pamzere.
Zenebech ankayamba nkhani m'mawa
n'kudzaimaliza dzuwa litapendeka,
mwamuna wa m'nkhaniyo atasintha dzina kawiri.

Mwezi watha makina anafika pa lole,
atakulungidwa m'mapulasitiki ngati mkwatibwi,
amuna asanu ndi mmodzi akubuula powatsitsa.
Bwana Demissie anawasisita pambali nati:
Awa ali ndi maso mazana awiri.
Sawodzera, sadwala mutu,
sapempha tsiku lopita kumaliro.
Anatero akuyang'ana kudenga,
ife tikuyang'ana manja athu.

Ndinawaona akugwira ntchito, sindinama, n'zokoma kuona.
Njere zimatsika ngati mathithi,
kamera imaphethira, kamphepo kamati fyu!
yoipa yagwera uko.
Ntchito yathu ya sabata yathunthu
inatha tiyi wa bwana asanazizire.

Wailesi ikuti mtengo wa khofi wakwera
kutsidya kwa nyanja.
Mtengo umene ndimaudziwa ine sunakwere,
uli pomwepo kuseri kwa nyumba ya mlongo wanga,
maluwa ake anayoyoka mvula itachedwa.
Dzana kunabwera mnyamata wa foni, Yared,
kuzungulira mundawo phazi ndi phazi,
akuti ogula akufuna kuuona kuchokera kumwamba,
adziwe ngati nkhwangwa inadutsapo.
Mlongo wanga anavula chipewa n'kuyang'ana mitambo,
mwina nayenso atuluke bwino pachithunzi.

Kwinakwake, akutero Yared,
mkono wachitsulo umathira khofi m'kapu
n'kujambula tsamba pathovu,
ndipo pathumba amalemba dzina la phiri lathu.
La phiri, osati langa.

Lolemba anatiitananso. Asanu ndi awiri okha.
Makina aja, pothamangitsa yoipa imodzi,
amakankha ndi zabwino ziwiri zoyandikana nayo,
monga amachitira wapolisi pamsika.
Tsono tikhale kuseri, pa mulu wa zokanidwa,
tizipulumutsa zosalakwa.
Zenebech sanaitanidwe.
Nkhani yake inathera pamene mwamuna uja
anali atangokwera basi ya ku Hawassa.

Ndipo fumbi silisankha.
Masana alionse diso lija limachita khungu,
belu limalira, mainjiniya ali kutali ku Addis,
ndiye ndimakwera pa mpando
n'kulipukuta ndi nsonga ya mpango wanga,
pang'onopang'ono, ngati manthongo a mwana.
Limandiyang'ana. Sindidziwa limandiika mulu uti.

Madzulo ndimatenga kadzanja ka zokanidwa zenizeni,
zopunduka, zakuda mbali imodzi,
ndimazikazinga pa makala mpaka zituluke thukuta,
utsi wa lubani ukukwawa pansi pa chitseko.
Mtsuko wa khosi lalitali ukabwata
ndimatuma mwana akaitane Zenebech.
Kapu yoyamba timamwa chete.
Yachiwiri amadandaula za bondo.
Pa yachitatu, yosukuluka ija,
ndimamufunsa: Nanga atafika ku Hawassa?