Madzi Safunsa Dzina

Folo koloko m'bandakucha, msewu wopita ku Saint-Georges.
Lole yanga ikutsokomola, mchere matani asanu ndi atatu kumsana.
Chipale chagwa usiku wonse osapumira,
phula lavala galasi.
Ndakoka chitsulo, mibulu yamwazika,
ikuthetheka pansi pa matayala.

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikukoleretsa
ndiwo ya boma yosadyekayi
osadziwa chimene ayezi amagonjera.
Anandiuza ndi Maëlle, mwana wanga wophunzitsa sayansi ku Rimouski,
pa foni, kukamwa kuli kodzaza buledi:
"Amayi, madzi akafuna kuundana amagwirana manja,
aliyense pamalo pake, mzere wowongoka.
Mlendo akalowa pakati, mzere umasokonekera,
ndiye kuzizira kumayenera kuwonjeza ukali.
Koma madzi safunsa dzina la mlendo.
Amangowerenga: alipo angati?
Shuga akasungunuka amayenda yekha,
mchere umagawika pawiri, n'chifukwa chake umapambana."

Amangowerenga! Ndinaseka, foni nditaipana ndi phewa.

Komatu mchere nawo uli ndi polekezera.
Kukazizira kupyola madigiri makumi awiri pansi pa ziro
umangokhala mbuu pamwamba pa ayezi
ngati munthu amene sanapatsidwe mpando.
Masiku otere timathira mchenga.
Mchenga susungunula kanthu,
umangothandiza tayala kugwira, ufike kumene ukupita.
Januwale amene Aurèle anatisiya
anali wa mchenga wokhawokha.

Anandisiyira mitengo ya mepo mazana anayi kuseri kwa nyumba,
ndi chisakasa chophikiramo chimene denga lake limadontha pakona.
Malichi akafika mitengo imakha madzi ake,
otsekemera patalipatali, ngati bodza.
Malita makumi anayi kuti upeze imodzi ya manyuchi.
Iye ankayeza ndi diso, kuona mmene dontho likulendewera pa chikombe.
Ine ndimadalira kagalasi ka manambala.
Madzi eni amawira pa handiredi,
manyuchi amakakamira mpaka kuwonjezera anayi:
nthunzi ifuna kuthawa, koma pakhomo padzaza alendo.

Chaka chatha ndinapyoza muyezo.
Maso anali pamoto, mutu uli kwina.
Ndinathira m'mabotolo ali otentha, oyera mbee, opanda chilema,
ndinawandandalika pa shelefu m'chipinda chapansi.
Patatha milungu itatu, pansi pa botolo lililonse
panamera timiyala tangodyangodya, tolimba gwa,
tokana supuni.

"Akhuta," anatero Maëlle.
"Madzi otentha amasenza zambiri kuposa ozizira.
Akazizira amatula zimene sangathe kunyamula."

Sindinamuyankhe.
Pa maliro nyumba inali yofunda, majekete atadzaza pabedi,
achibale a ku Lévis, anzake a ku fakitale ya matabwa,
ine ndikuyendetsa khofi, maso ali gwa.
Onse ankati Ghislaine ndi chitsulo.
Ndinasenza zonse, osaoneka n'komwe kuti muli kanthu.
Ndi mu Epulo, m'chisakasa, moto utazima,
pamene ndinapeza golovesi yake yakumanzere kuseri kwa nkhuni,
zala zake zikadali zopindika,
ndipo ndinakhala pansi pa simenti yozizira
mpaka galu wa a Veilleux anabwera kudzandinunkhiza.

Lero ndi madigiri asanu ndi anayi pansi pa ziro, mchere ukugwira ntchito.
Pa kona ya tchalitchi chakale mphalapala ya kuno, yamiyendo ngati nsanamira,
yaima pakati pa msewu, ikunyambita zimene ndinamwaza dzulo.
Ndaponda buleki pang'onopang'ono. Tayang'anana.
Ilibe changu. Nanenso ndilibe.

Kunyumba mbaula ndimaikoleza monga kale, nkhuni zomwezo,
koma mazenera amachita ayezi msanga masiku ano.
Nayonso nyumba imawerenga.
Lachisanu Maëlle akubwera ndi kamwana kake kachimfine kaja
kamene kamamwaza zidole pena paliponse.
Tidzakhala atatu.
Botolo limodzi lamiyala lija ndalimiza kale m'madzi ofunda.