Keyala ya Mlongoti

Zaka makumi atatu ndinasankha makalata pa positi ya ku boma,
manja anga akudziwa okha kopita thumba lililonse:
Namwera, Malindi, Makanjira, Chilipa.
Koma envulopu iyi yandipinda.

Ndinaipeza m'sutikesi ya malemu agogo aamuna,
pansi pa jekete la ku Joni lonunkhabe mgodi.
Chiswe chinadya kale mphuno ya mfumu ya pa sitampa,
chidindo chokha ndicho chinakana kufa,
chozungulira ngati diso la nkhuku:
MLONGOTI, tsiku lofufutika, chaka cha 34.

Kwa a DC mapu alibe dzinali.
Kalaliki wachinyamata anagogoda kompyuta yake,
nandiuza mwaulemu kuti mwina ndi kutsidya kwa malire.

Ndinakwera matola, tikukwawa chitunda cha Chowe,
envulopu m'thumba la shati ngati chiphaso cha kuchipatala.
Wogulitsa nthochi anapukusa mutu.
Wakabaza anati, "Madala, njinga yanga sipita komwe kulibe."
Koma telala wina pakhonde pafupi ndi mzikiti, Che Mdoka,
anaimitsa phazi pa makina, ulusi uli pakamwa.
"Mlongoti? Bambo anga ankathamanga ndi thumba lake.
Malaya ofiira, mapazi osavala, mkondo kudzanja lamanzere
chifukwa cha afisi a pa dambo.
Inatha mvula zitatu zokha.
Mzungu wa fodya atagwa mphwayi, anatseka esiteti,
anthu anasamuka ndi zitseko zawo pamutu."
Anandijambulira njira ndi choko kuseri kwa nsalu ya kasitomala.

Ndinadutsa mtsinje wouma,
ndinadutsa manda opanda mtanda kapena mwala,
ndinasochera kawiri m'munda wa nandolo.
Kenaka mango akuluakulu anayi, oima pamzere
ngati anthu odikira ndalama ya pa telegalamu.
Mango samera pamzere okha.

Pansi pake masitepe awiri a simenti
okwera kupita kumwamba kopanda khomo.
Chitsa cha chitsulo chodzimbiri, ndiye mlongotiwo.
Ndipo m'chinangwa, chitagona chafufumimba,
chibaluwa chachitsulo chokhala ndi kamwa yopyapyala
yomwe inkameza mawu a anthu osadziwa kulemba.
Buluzi anatulukamo, nandiyang'ana ngati ndabwera nthawi yotseka.

Mwini munda anafika ndi khasu paphewa, Abiti Lajabu.
Anafunsa ngati ndine wa boma wodzayeza malo.
Ndinati ayi, ndabweretsa kalata.
Inachokera pano, inapita ku Joni,
inabwerera m'sutikesi, lero yafika.
Anaseka, natula khasu, nakhala pa sitepe yapansi.
"Tawerengani ndimve."

Ndinaifunyulula pang'onopang'ono, pepala likufuna kuthyoka m'mapindo.
Dzanja ndi la kalaliki, mawu ndi a agogo aakazi,
amene anaima pompano, mwana kumbuyo, tambala ziwiri m'chikhatho,
kapena makobidi, monga ankanenera nthawiyo.
Mvula yagwa.
Mbuzi yabereka awiri, mmodzi wafa.
Mwana wayamba kuyenda.
Tumizani bulangete.

Mwana ameneyo ndi mayi anga.
Tinawaika dzana ku Mpondasi.

Foni ya Abiti Lajabu inalira m'chitenje,
mwana wawo wa ku Joni, anatero, watumiza kangachepe.
Sanaiyang'ane nkomwe.
Anathyola tsamba la chinangwa, nalipotokola pa chala,
maso ali pa kamwa yachitsulo ija.
"Nanga bulangetelo," anandifunsa,
"linabwera?"