Mphindi Khumi ndi Imodzi M'galimoto

Ndazimitsa injini. Sindituluka.
Pansi pa nyumba zosanja za ku Łódź
chipale chofewa chikugwera pagalasi
ndipo ndachileka chitseke zonse.
Mphindi khumi ndi imodzi izi ndi zanga.

Pamwambapo, zenera lachinayi lowala lija,
Ksawery akundandalika zivindikiro za mabotolo
kuchokera pakhomo la bafa mpaka kukhitchini,
zobiriwira zokhazokha,
ndipo Iwona akuzilumpha ngati wowoloka mtsinje pamiyala,
mbale ya supu ili m'manja,
osasuntha n'chimodzi chomwe.

Dokotala anatchula dzina lake, otizimu,
zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo,
n'kutikankhira kapepala ndi bokosi la tishu.
Bokosilo tinalisiya patebulo pomwepo.
Misozi inadzandipeza mochedwa, m'golosale,
nditaona kamnyamata kakukoka jekete la bambo ake
n'kumati, "Ababa, taonani galu."
Mawu atatu okha.
Ndinasiya basiketi yodzaza pakati pa njira.

Kodi maliro opanda mtembo amakhuzidwa bwanji?
Palibe amabwera ndi maluwa.
Mwana ali moyo, akudya, nsapato zikumuthina,
koma ine ndinaika m'manda mwana wina
yemwe ndinkamuphunzitsa mpira asanabadwe n'komwe,
ndipo ndimachita manyazi kumulira
uyu ali m'chipinda chinacho
akung'ung'uza kanyimbo kake kosasintha.

Usiku wathawu anadzuka 2 koloko.
Ine kubekale ndimalowa 4 koloko.
Ndakanda ufa ndi manja obwereka,
ndapsa chala pa uvuni
n'kudzazindikira nditagwira chiwongolero.

Mayi Danuta a ku ofesi yothandiza mabanja
amati, "Nanunso muzidzisamala, bambo."
Ndimavomera ndi mutu.
Fomu yawo ya masamba khumi ndi anayi
imafunsa zimene mwana wanga satha kuchita.
Mulibe mzere wolembapo
kuti sitima ya mumsewu nambala 11
amaidziwa ndi kulira kwa mawilo ake okha
isanatulukire pakona.

Lachiwiri ndinakuwa. Zimenezo ndisabise.
Ndinakuwa chifukwa cha sokosi.
Iye anadzitseka makutu, kudzimenya pachipumi,
ine n'kukakhala pansi m'bafa, chitseko chokhoma,
mpopi wotsegula kuti Iwona asamve.
Anamva.
Mawa lake anandiponyera kiyi m'thumba, nati,
"Ukafika usamathamangire kukwera.
Ine Loweruka ndikasambira, usandifunse nthawi yobwera."
Umo ndi mmene timagawanirana mpweya,
ngati anthu awiri ofunda bulangete lalifupi.

Galasi layera lonse tsopano.
Muno mulibe wondifuna.
Ndikumva fungo la buledi m'malaya anga
ndi mtima wanga ukutsika masitepe pang'onopang'ono.

Ndikakwera, sandiyang'ana kumaso.
Andigwira pamkono ngati wotola supuni,
kundikokera ku makina ochapira,
n'kuika chikhatho changa pachitseko chofunda chija
pomwe zovala zathu zimazungulira
zake, zanga, za amake, zosakanikirana.
Dzanja lake aliika pambali pa langa.
Sitikhudzana. Mwina kachala kamodzi,
mwangozi kapena ayi, sindinafunsepo.
Tikhala choncho pansi pozizira
mpaka makinawo atatopa.

Zimenezi sindizidziwa dzina.
Sizichotsa tulo tili m'mafupa angati,
sizidzaza fomu, siziukitsa mwana ndinamuika uja.
Koma dzulo, makina atasiya,
anatenga chivindikiro chimodzi pamzere wake,
iye amene salola ngakhale mphepo kuusokoneza,
n'kuchiika pabondo langa, n'kuchokapo.

Ndili nacho m'thumba muno, pamodzi ndi kiyi.
Chili ndi mano akuthwa m'mbali.
Yatsala mphindi imodzi.
Ndiimaliza yonse.