Gudumu la Kumanzere

Miyezi isanu yokha, Mesitiri Jerivaziyo,
isanu, ndawerenga pa zala,
chiikireni beringi yatsopano ku gudumu la kumanzere,
lero ikulira ngati njuchi zotsekeredwa m'chigubu.

Munagwedeza tayala ndi manja awiri
pansi pa mthunzi wa malata ku Ulongwe,
khutu pa chitsulo ngati mzamba pa mimba,
munati: yadyeka, tichotse.
Ndinati: ndi nyimbo ya matayala chabe,
phula la ku Mowatize limayimbitsa galimoto iliyonse.

Munati ndimasanjikiza kachewere mopyola,
matumba makumi anayi pa msana wa mbuzi.
Ndinati beringi yanu inali ya m'katoni yopanda dzina,
munaikhoma ndi hamala,
ndinalipo, ndikukukuta chimanga chootcha.
Munati: maenje a ku Tsangano ndinakumba ine?

Metikali zikwi zitatu.
Filomena wanga akudikira yunifolomu,
ndipo kachewere sadikira mlandu, amawola.
Ndinaliza injini osatsanzika,
ndinakweza wailesi mpaka njuchi zinabisala.

Tsopano ndaima pa mphambano ya Musakama.
Ndakhudza gudumu, chala chapsa.
Girisi akununkha ngati mapira opserera,
malole akundipitirira, kundimwaza fumbi.

Nambala yanu ili apa, m'manja mwanga.
Sindinavomere kuti munalondola, ayi,
hamala ija ndinaiona ndi maso angawa.
Koma dzuwa likupendeka,
ndipo jeke ndinaiwala kwanu,
patsinde pa mpando uja tinakanganirapo.