Nyemba Zisanu

Anatipatsa nyemba zisanu aliyense
m'kalasi la Sitandade 6 pa Mwansambo,
anthu makumi atatu, madesiki a ana akutipana mawondo.
Mnyamata wa kukhonsolo, Likisho,
anayala mapepala pasimenti:
apa mlatho, apa mjigo,
apa chipinda cha amayi oyembekezera,
shedi ya msika, nyumba ya mphunzitsi.
Mlathowo anaujambula ngati makwerero ogona.

"Ikani nyemba pamene pali mtima wanu.
M'thumba la chitukuko muli mamiliyoni 60.
Zonsezi pamodzi zikufuna 300."
Potchula zimenezi anayang'ana kudenga,
kumene mleme unali lende, osatekeseka.

Ine ndine mlembi, changa n'kope ndi cholembera,
koma nyemba anandipatsa nanenso.
Ndinazifumbata mpaka zinanyowa.

Mwanaisha sanachedwe.
Zisanu zonse, waa! pa chipinda cha amayi.
Palibe anafunsa chifukwa.
Tonse tinaponya dothi pamanda a mng'ono wake
amene anachirira pangolo, usiku wa Febuluwale,
mtsinje utadzaza, ng'ombe zikukana kuwoloka.
Sauzande anayankhula ngati akudziuza yekha:
"Pakanakhala mlatho, bwenzi atafika."
Mwanaisha anaima chilili.
Kenako anawerama, natola ziwiri,
nazisamutsa osayang'ana munthu.

Che Ajibu, ogula mtedza, anatsokomola kaye.
"Msika ndi nkhuku yoikira, abale.
Mangani shedi, ziphaso zichuluke,
khonsolo ione chokakongolera kubanki,
ndalama ibereke inzake.
Mukadya dzira lero, mwadya nkhuku ya mawa."
Aphunzitsi a Kathyole analoza desiki:
"Ngongole ya zaka khumi ndi zisanu
adzabweza ndi mwana amene amakhala apa.
Ali panja, akusewera fulaye. Mwamufunsa?"

Likisho anatsegula chikwatu natiwerengera njira:
gawo lochokera ku boma, limene limabwera mvula itayamba;
thandizo la akunja, limene limati
yambani mwaunjika mchenga ndi njerwa;
ngongole yofewa, ngongole youma,
chiwongoladzanja chimene sichidziwa Sabata.
Ndinalemba zonse. Inki inatha pa "youma",
ndinapitiriza ndi pensulo.

Zanga ndinaika chonchi:
imodzi pa mjigo, chifukwa cha msana wa mkazi wanga;
imodzi pa msika, pakuti Che Ajibu ndili nawo ngongole;
imodzi pa mlatho, imodzi pa chipinda.
Apo wina anandiitana kuti ndilembe dzina lake bwino,
lili ndi "h" pakati.

Tinawerenga mokweza ngati ana a sukulu.
Mlatho, 52.
Chipinda, 51.
Mjigo 24, msika 17.
Nyumba ya mphunzitsi zisanu,
ndipo tonse tinadziwa dzanja limene linaziika.
M'manja munaombedwa, koma mofooka.
Likisho anati ndalama ilipoyi
ikwana zipilala zokha, pamwamba tidzaona chaka chamawa.
Anakwera njinga yamoto, fumbi kobo.
Mlonda anasesa nyemba zija m'chipewa chake.

Loweruka, mkazi wanga akuchapa,
anandiitana: "Ichi n'chiyani m'thumbamu?"
Nyemba imodzi, yofiira, yatupa ndi madzi.

Ndinatsegula kope, ndinaphatikiza kawiri.
149.

Zipilala zaima tsopano, zitatu,
zitsulo zili tong'o kuloza kumwamba,
atsikana amayanikapo zovala.
Mwanaisha amandipatsa moni bwinobwino.
Mwana wake wamkulu ndi woyembekezera,
akuti mwezi wake ndi Febuluwale.

Nyemba ija ndinaiika m'botolo la mankhwala pawindo.
Usiku ndimaifunsa kumene ikanapita,
ndipo tsiku lililonse imandiyankha zosiyana.