Muyezo wa Ganizani Chulu

Mtolankhani anafika Lachiwiri ku Kabwata,
foni m'manja, nsapato zili mbuu ndi fumbi,
nati: Mayi Zangose, mwamusokera zovala za masewero
zaka khumi ndi zinayi,
kodi Ganizani Chulu ndi katakwe wa zonse,
kapena ndi dzina chabe lofufuma ngati chitumbuwa?

Ndinali ndi mapini pakamwa.
Ndinayamba ndamaliza mpendero.

Kulemba amalemba, izo sindikana.
Sewero la pawailesi amalitsiriza m'minibasi
pakati pa tauni ndi Chelstone,
kope pabondo, kondakitala akumuponda chala.
Nyimbo amapeka yekha. Ng'oma amakunga yekha.
Chinsalu chakumbuyo kwa siteji,
chija cha Kanyama mvula itagwa,
anachijambula ndi penti wotsala pa geti la eninyumba,
ndipo wina poyandikira anapinda thalauza
kuopa matope.

Koma kafunseni batani la malaya ake.
Munthu wopha nduna ndi kuiukitsa usiku umodzi
sadziwa kulowetsa ulusi pasingano.
Akamavina, ungati wasenza ndowa ziwiri.
Ndakatulo zake zachikondi
ndinakulungiramo kapenta, palibe anazifuna.
Majekete atatu a chaka chatha
sanandilipirebe.

Ndiye mawu aja holo yonse imaombera m'manja,
akuti "njala sisunga Sabata,"
ndi anga.
Ndinawanena ku Soweto, pokangana za mtengo wa zipi,
iye ali kumbuyo kwanga, wandinyamulira thumba,
khutu lili tcheru.
Nthabwala ya pamaliro anaitola kwa Mwandila wamagetsi.
Kayendedwe ka wapolisi woledzera nka amalume ake.
Tsono katakwe ndani pamenepa,
iye kapena Lusaka?

Mtolankhani anamwetulira, wapeza nkhani.
Ndinati dikirani, sindinathe.

Usiku wina mu Juni magetsi anathima sewero lili pakati.
Jenereta inatsokomola kawiri, nkugona.
Osewera awiri anali atathawa kale ndi njala yawo,
anthu akufuula kuti bwezani ndalama.
Iye anakwera mumdimamo
atavala diresi la mkazi wamasiye
limene ndinali ndisanamalize, mapini akumubaya m'nthiti,
nakhala anthu asanu ndi kamwa limodzi:
mayi, mwana wodwala, namwino wotopa,
galu wa kwa aneba,
ndi chitseko cholira chimene palibe anachithira mafuta.
Mafoni anayamba kuyaka, iyi apa, ina uko,
mpaka nkhope yake inaoneka.
Atafika pa mawu anga aja
anawanena motsitsa, ngati akuopa kudzutsa mwanayo,
ndipo ine mwini wake sindinawazindikire.
Kumsika anali mawu a zipi.
Pakamwa pake anali amayi anga ku Katete,
chaka chija ufa unasowa,
akukanda pansi pa thumba ndi mbale.
Ndinapukuta maso ndi mkono wa yunifomu ya wapolisi.

Ine nsalu sindiomba.
Ndimagula ku Kamwala monga aliyense,
ndimadula, ndimalumikiza,
koma ukwati ukadutsa amati diresilo nla Zangose.
Ndiye za kuba mawu, mwina musalembe.
Kapena lembani, koma ndi zilembo zazing'ono.

Mukufuna yankho limodzi, ndikuona.
Munthuyu ndamuyeza ndi tepi kambirimbiri.
Phewa lamanzere ndi lotsika.
Mkono umodzi umaposa unzake ndi chala.
Sindinayezepo munthu wofanana mbali zonse.
Mawu anu akuti "zonse" ndi jekete la salaula:
m'mapewa lamukulira,
manja ake akulendewera,
koma m'chifuwa, apa,
likuchita kuthina.

Zimitsani foniyo tsopano, ulusi wandithera.
Mukamuona ku Playhouse
mumuuze kuti diresi la wamasiye ndinalimaliza,
ndipo majekete aja
mtengo wake wakwera.